Foni ya Chipani ndi Manda a Bambo Anga

Zikomo apampando pondipatsa mpata. Ndikuona ambiri mwa inu mafoni ali m'manja, musawabise, ine sindikhumudwa, ntchito yathu ife a mapeji ndi yomweyo. Kwa amene simundidziwa nkhope, ndine Domingo wa ku Tengani, amene ndimayendetsa peji ija ya Maso a Kuchigwa. Andiitana kuti ndilankhule poti chisankho chayandikiranso, ndipo ndamva kuti a zipani ayamba kale kukugogoderani ena mwa inu ku inibokosi. Inenso anandigogoderapo, ndinatsegula, ndipo zimene zinalowa zinatsala pang'ono kuwalanda bambo anga malo ogona pafupi ndi amai anga. Ndabwera kudzanena zimenezo.

Peji yanga inayamba mwamasewera. Ndinali ndi kabenchi kotchajitsa mafoni pamsika, kasola padenga, ndiye aliyense wobwera kudzatchaja amasiyanso nkhani. Uyu akuti Shire wayamba kudzaza kumadimba, uyu akuti ogula thonje atsitsa mtengo, winayo mbuzi zake zasowa. Ine n'kumangolemba, Chichewa pano Chisena apo, mmene timalankhulira. Anthu akwathu amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe, ngakhale ku Joni anayamba kudzuka ndi peji yanga kuti amve mphangwa, nkhani za kumudzi. Msewu ukaduka madalaivala a minibasi amandiimbira ine asananyamuke pa boma. Ndalama munalibemo, koma ndikamadutsa azimai amati, "Uyo mtolankhani wathu," ndipo ine ndimayenda ngati ndavala suti.

A chipani sabwera ndi ng'oma. Woyamba anali munthu wina wotchedwa Gifiti, wa ku Blantyre, amene kwa nthawi ndithu amangolemba makomenti abwino pansi pa nkhani zanga. Kenako analowa ku inibokosi. "Bwana Domingo, ntchito yanu timaiona. Anthu ngati inu ndi amene mukusowa m'dziko muno." Ine chibadwire palibe ananditchulapo bwana. Sanapemphe kanthu ayi, anangondiponyera bandulo, akuti ndi yothokoza basi.

Patapita masabata anatiitana ife a mapeji a kuchigwa kuno ku loji ina ku Nchalo. Inu mukudziwa kutentha kwa kwathu kuno. Tinalowa m'chipinda chozizira mpaka ndinalakalaka juzi. Nkhuku, tchipisi, zakumwa zochita thukuta m'botolo. Kenako analowa bwana wake wa Gifiti, amene amafuna uphungu, tizingowatchula kuti a Shado. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati, "Inu ndi a Domingo? Nkhani yanu ya kamlatho kokumbika kaja ndinaiwerenga, inandikhudza." Munthu wa galimoto zake kudziwa dzina langa ndi kamlatho kanga komwe. Pamenepo mbedza inali italowa kale, zotsalazo kunali kungokoka.

Gifiti anatiuza mawu amene inunso mudzawamve, mwina mwawamva kale. "Ife sitikukugulani ayi. Peji ndi yanu, muzilemba zomwe mukufuna. Tikungokupatsani zipangizo." Anatipatsa aliyense foni yatsopano ya kamera yabwino, natilowetsa m'gulu la pafoni. M'gulumo mmawa uliwonse mumagwa nkhani yolembalemba kale, chithunzi chomwe. Ntchito yathu inali kusinthako mawu awiri atatu kuti isaoneke yofanana, kuthiramo ka Chisena kuti imveke ya kumudzi, n'kuiponya. Poyamba zinali za mijigo yokonzedwa ndi mipira ya anyamata. Kenako zinayamba kubwera zonyoza opikisana nawo. Ndimaziponya. Wina akandifunsa m'makomenti kuti kodi Domingo wagulidwa, ndimamutsekera kunja. Ndinatsekera aphunzitsi anga a ku pulayimale, ndinatsekera mlamu wanga.

Benchi ndinaisiya. Ndimayenda pambuyo pa galimoto za a Shado, msonkhano ukatha tonse ku Bangula kukamwa, bilu ya eni ake. Ine amene ndimangolawa pa Khirisimasi ndinayamba kufika kunyumba atachita kundikweza pa kabaza ngati thumba la mapira. Mkazi wanga Esita anandiuza kuti, "Peji yako masiku ano sindiwerenga. Mawuwo si ako, ndimakudziwa mmene umalankhulira." Ndinamuyankha kuti angadziwe chiyani za ndale munthu wongogulitsa masawu.

Tsopano ndifike pamene ndinatsikitsitsa. Nthawi ya kampeni ofuna uphungu amalimbirana maliro. Amene wafika msanga ndi bokosi ndiye watenga mudzi. Gifiti anatiuza kuti, "Kukagwa zovuta m'dera lanu mutidziwitse msanga, enawo asanamve." Ine ndinasanduka wonunkhiza imfa. Ndimazungulira pachipatala kufunsa alonda kuti kodi wodwala wa uje ali bwanji, osati pomumvera chisoni, koma kuti ndikhale woyamba. Ndikunena izi pamaso panu ndi manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Ena mwa inu munakulira m'tauni, ndiye ndikumbutse mwambo. Kwathu munthu akamwalira, mbale wake amene ali kutali sitimuuza kuti wamwalira. Timamuimbira n'kunena kuti, "Matenda akula, nyamukani." Iye mwina amadziwa mumtima, koma amayenda ndi kachiyembekezo, miyendo ili ndi mphamvu, mpaka afike pakhomo pamene pali anthu ake omugwira. Chilichonse chili ndi ndondomeko yake. Anyakwawa amve, akuchimuna amve, akuchikazi amve, ndipo mawu oti wamwalira amatuluka m'kamwa mwa eni maliro, osati mwa wodutsa. Izi ndinkazidziwa bwinobwino, ndinakulira momwemo.

Mmawa wina anamwalira mai Fulansiska, oyandikana nafe nyumba, amene anali shamwali wa malemu amai anga. Esita anaitanidwa kukathandiza m'nyumbamo, ndipo ine ndinamva kudzera mwa iye. Sindinapite n'kukakhala pansi ndi anamfedwa ayi, ndinayamba ndalembera Gifiti. Dzuwa lisanafike pamutu pikapu inali itafika ndi bokosi lonyezimira. A Shado anatsika, anaika dzanja pabokosi, nkhope yachisoni, ine n'kujambula. Mawu anabwera kuchokera m'gulu, ine ndinangoikamo dzina la mai Fulansiska ndi mudzi, n'kuponya.

Mai Fulansiska anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Rozina, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Limbe. Achibale anali atamuimbira mmawa monga mwa mwambo, kuti matenda akula. Iye anapempha kuntchito, anagula shuga ndi malalanje a wodwala, n'kukwera minibasi. Akutsika mapiri aja a ku Chikwawa anatsegula foni kuti aone ngati msewu uli bwino kumunsi kuno, poti amadziwa kuti za msewu zimapezeka pa peji ya Domingo. Anapeza bokosi, dzanja la a Shado, ndi dzina la amai ake.

Anafika chakumadzulo atagwiridwa ndi mai wina wachilendo. Maiyo amayenera kutsika pa Ngabu, koma ataona mmene Rozina anagwera m'minibasi muja sanatsike, anamuperekeza mpaka pakhomo. Jumbo ya shuga ndi malalanje anachita kumunyamulira. Rozina asanalowe m'nyumba ya siwa anandiona nditaima pambali ndi foni yanga. Mawu anali atamuthera ndi kulira. Anangoti, "Domingo, amai anga ndawamvera kwa iwe, pakati pa anthu osawadziwa."

Mukudziwa zimene ndinayankha? Ndinati, "Koma bokosi mwalandira." Pabwalo panali anthu odzaza, ndipo onse anamva.

Tsiku loika maliro, titamaliza kukwirira, anaimirira a Alfandika, mkulu wa adzukulu a m'mudzi mwathu, amene amatsogolera okumba manda. Ndi munthu wosakonda zolankhulalankhula. Anatsamira khasu lake nati, "Domingo, iwe uli ndi anthu ako amene amafulumira pa maliro kuposa ife. Tsiku limene zovuta zidzagwe kwanu ukawaitane omwewo adzakumbe. Ife nkhabe, sitidzakumba." Palibe amene anawatsutsa.

Ine ndinaseka mumtima, ndimati ndi mkwiyo wa tsiku limodzi. Ndinamuuza Gifiti kuti kwavuta, mwina ndiifufute nkhani ija. Iye anati, "Musayerekeze, bwana. Imeneyo yayenda kuposa zonse." Ndinaisiya pa peji pomwepo.

Musaganize kuti a Shado anagwa ndiye ine n'kulapa. Anapambana. Tinavina pa boma mpaka miyendo kutupa. Sabata isanathe ndinadzuka n'kupeza gulu lija alithetsa. Nambala ya Gifiti imangoitana. Bandulo inasiya kubwera. Nditakumana ndi a Shado pa mwambo wina anandigwira dzanja ndi dzanja limodzi, maso ali kwina, nati, "Muli bwanji achimwene." Dzina lija anali ataliiwala. Peji inatsala ngati msika wa tsiku lamvula. Ndikalemba kuti madzi akubwera, wina amayankha kuti, "Akutuma ndani lero?" Mowa wa bilu ya eni unatha, ndinatsikira ku kachasu wa kuseri kwa msika, ndipo kasola kaja ndinagulitsa.

M'mudzi mutagwa maliro ena ndinapita kumanda mmamawa monga mwamuna aliyense. Ndinatola khasu kuti ndilowe m'dzenje. Mmodzi wa adzukulu anabwera, anandilanda khasulo mwaulemu ndithu, n'kulipereka kwa wina. Ndinaima pamenepo manja ali lende mpaka ndinadziona ndekha kuti ndichoke. Apo m'pamene ndinadziwa kuti a Alfandika sanali kuopseza.

Nthawi yomweyo bambo anga anali atafa mbali imodzi. Iwo anabadwira kutsidya, ku Mozambique, anaoloka ali mnyamata, anakwatira amai anga kuno, ndipo moyo wawo wonse analima thonje ndi mapira ku Tengani. Amai anagona m'manda a m'mudzi mwathu, ndipo pambali pawo panatsala malo amene aliyense amadziwa kuti ndi a bambo. Akali ndi mphamvu amapita okha kukalambula pamenepo.

Masana ena ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, Esita akuwakupiza ndi kansalu. Ine mutu unali ukuwawa ndi za dzulo. Anandikodola ndi dzanja lomwe limagwira. Kulankhula kwawo kunali kovuta, mawu amatuluka amodziamodzi, ndiye ndinachita kugwada kuti ndimve.

Anati, "Domingo, undifunire mwadiya."

Ndinati, "Mwadiya wa chiyani, baba? Mukufuna nsomba?"

"Wondiolotsa Shire. Undiperekeze kwathu kutsidya ndikadali ndi mpweya. Ana a mng'ono wanga aliko. Akandiika."

Ndinati, "Baba, kwanu ndi kuno. Amai ali kuno."

Anayang'ana masamba a nimu. Kenako anati, "Ndikudziwa kumene ali amai ako. Ndinawalonjeza. Koma dothi la kuno nthawi yotentha ndi makande olimba ngati mwala, mwana wanga. Munthu mmodzi sangakumbe. Nkhabe funa, sindifuna ine, kuti ndidzagone m'nyumba masiku, anthu akudutsa pamsewu atagwira mphuno, iwe uli wekha kumanda ndi khasu. Manyazi amenewo ndisakusiyire. Bola ndikagone kutali."

Sanandikalipire. Akanandikalipira ndikanapeza poyankha, pakamwa ndinali napo. Koma munthu wokalamba, wofa mbali imodzi, amafuna kusiya mkazi wake m'manda yekha kuti anditeteze ine ku manyazi amene ndinadzipangira ndekha. Esita anasiya kukupiza, anatembenukira kumbali. Ine ndinakhala pansi m'fumbi momwemo ndipo ndinalira ngati mwana. Foni ya chipani ija inali m'thumba la malaya, ndimaimva kulemera kwake pachifuwa.

Nditatha kulira ndinati, "Baba, mundipatse nthawi. Ndikalephera ndidzakuolotsani ndekha." Anati, "Nthawi si yanga yopereka. Koma yesa."

Tsopano mumve mmene ndinabwererera, poti kulira kokha sikukumba manda. Choyamba ndinafufuta nkhani ija, ndipo ndinaona kuti kufufuta n'kosavuta, chala chimodzi basi, n'chifukwa chake sikulipira mlandu. Foni ndinapita nayo ku ofesi ya chipani pa boma n'kuisiya kwa mlonda. Anandiyang'ana ngati wamisala. Ndinabwerera ku kafoni kanga kakale kosweka galasi. Mowa sindinausiye tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Ndinagwa kangapo. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinatenga ntchito yosambitsa bambo mmawa uliwonse, ndipo munthu sunganyamule bambo ako manja akunjenjemera.

Ndinapempha mkulu wina wa kutchalitchi kwathu kuti andiperekeze kwa a Alfandika, poti wolakwa sapita yekha. Esita anapereka mbuzi yake, yomwe anagula ndi masawu omwe ndinkawanyoza aja. A Alfandika anatilandira bwino, anatipatsa mipando. Atamva zonse anati, "Mbuziyo bwererani nayo. Ife sunatilakwire. Mlandu wako uli ku Limbe. Mwini wake akadzatiuza kuti wamasuka, ifenso tidzamasuka."

Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe. Pokwera mapiri aja ndimangoganiza kuti kodi panali pati pamene anatsegula foni. Rozina ndinamupeza m'sitolo. Anandisiya nditaima panja mpaka nthawi yake yopuma. Atatuluka ndinagwada pakhonde la sitolo, anthu akudutsa. Anati, "Dzuka, usandichititse manyazi kawiri." Tinakhala pa kakhoma, ndipo anandifotokozera ulendo wonse uja, mmene anasankhira malalanje okhwima bwino poti amai ake mano anali atatha, mmene anakuwira m'minibasi mpaka dalaivala kuima. Ine ndimangomvetsera.

Kenako ndinatulutsa nzeru yanga imene ndinabwera nayo. Ndinati, "Ndilemba pa peji kupepesa, dziko lonse lione kuti ndinalakwira inu ndi malemu mai Fulansiska."

Anandiyang'ana nati, "Ukufuna udyerenso dzina la amai anga kachiwiri? Anthu azikulembera kuti Domingo ndi wodzichepetsa, Mulungu akudalitse? Dzina la amai anga lisadzaonekenso pa peji yako, ngakhale popepesa." N'chifukwa chake ngakhale pano maina amene ndikutchulawa ndawasintha, ndipo nkhaniyi ndikuinena ndi chilolezo chake, pakamwa, osati pa peji. Amene mukujambula, chonde zimitsani.

Anandipatsa ntchito imodzi. Anati mai uja wa pa Ngabu anabwerera tsiku lomwelo iye asanamuthokoze, ndipo dzina lake samalidziwa. Amangokumbuka kuti anali ndi dengu la nsomba zouma ndi chipsera pachibwano. "Ukamupeze, ukamuuze kuti Rozina akuti takhuta, zikomo kwambiri. Koma usamufunefune pa peji. Uyende ndi miyendo."

Mukanandiona pa msika wa Ngabu, ine mtolankhani wotchuka, ndikuyang'ana zibwano za azimai ogulitsa nsomba. Ena amati ndikufuna mkazi wachiwiri, ena amati ndine wa zamsonkho. Ndinapitako masiku a msika angapo osamupeza. Tsiku lomwe ndinamupeza anali atakhala kumapeto, akuthamangitsa ntchentche. Nditamufotokozera anati, "Ndiye ndiwe unalemba zija?" Ndinavomera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Ndimayesa ndi munthu wamkulu." Anandipatsa nsomba zoti ndikapatse Rozina, ndipo anakana kuti ndilipire.

Rozina sanandikhululukire pompo. Anati akabwera kumudzi adzalankhula yekha ndi a Alfandika, nthawi yake ikakwana. Miyezi imeneyo inali yaitali kwa ine, chifukwa bambo amafookerafookera, ndipo akatsokomola ine ndimathamangira kukawaona. Maliro aliwonse a m'mudzi ndimapita, foni nditasiya kunyumba. Khasu samandipatsa, ndiye ndimatunga madzi othira m'dzenje kuti makande afewe, ntchito imene palibe amaikanganira. Ndimangotunga. Rozina anabwera nthawi yokolola mapira. Zimene anakambirana ndi a Alfandika sindikuzidziwa mpaka lero, ndipo palibe anabwera kudzandiuza kuti zatha.

Peji ndinaiyambiranso pansi. Ndinatsegulira onse amene ndinawatsekera, ena ndinawapitira kunyumba. Aphunzitsi anga aja anandiuza mawu ochuluka, ndinawamva onse nditakhala pansi. Ndinabwerera ku mitengo ya thonje, madzi a Shire ndi mbuzi zosowa. Anthu anabwerera pang'onopang'ono, ngati nkhuku zimene unaziponyapo mwala. Lero peji imadzidyetsa yokha ndi timalonda ta anthu owotcherera zitseko ndi ogulitsa mbewu, ndipo kasola ndinagula kena. Sindine wolemera, koma ndimagona tulo, ndipo Esita anayambanso kuwerenga peji yanga, amandikonzanso Chisena ndikalakwitsa.

A zipani amabwerabe, ndipo sindiwathamangitsa. Ndale si tchimo, ndipo anthu athu ayenera kumva zimene ofuna mipando akulonjeza. Koma ndimawauza kuti uthenga wawo ndiulemba pamwamba kuti uwu ndi uthenga wa chipani chakuti, alipira kuti uoneke, ndipo mawa akabwera opikisana nawo ndiwalandira chimodzimodzi. Ambiri akamva zimenezo sabweranso, chifukwa chimene amafuna si malo pa peji yanu. Amafuna mawu anu, kuti zawo zimveke ngati zatuluka m'kamwa mwa mwana wa m'mudzi. Foni ya mphatso musalandire, ngakhale yanu ili yomanga ndi mphira. M'gulu lotumizirana nkhani zolembalemba musalowe. Akakuitanani ku loji pitani ngati mukufuna, nkhuku ilibe mlandu, koma mudzifunse kuti munthu amene sanakupatsenipo moni chibadwire wadziwa bwanji dzina lanu chaka cha chisankho. Za maliro ndiye ndimalemba pokhapokha eni ake atatuma munthu kwa ine, ndipo ndimayamba ndafunsa ngati onse a kutali afika.

Bambo anamwalira nyengo yotentha kwambiri, mvula isanagwe, pamene dothi limachita ming'alu yolowa phazi. Anapita mwakachetechete dzuwa likupendeka, Esita ndi ine tili pambali. Tinatumiza uthenga kwa anyakwawa monga mwa mwambo. Anthu anabwera kudzakhala nafe, koma za kumanda palibe ananena kanthu, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Ndinangotenga khasu langa n'kuliimika kuseri kwa chitseko, kuti zikavuta ndidzayambe ndekha.

Kutacha ndinamva kuti odi panja. Nditatuluka ndinapeza a Alfandika ataima pabwalo, kumbuyo kwawo amuna a m'mudzi ndi makasu ndi mapiki pamapewa, ena atasenza zigubu za madzi. Ndinalowa m'nyumba kukatenga khasu langa lija. A Alfandika anagwira mpini nati, "Siya. Mwana sakumbira bambo ake, anthu tilipo. Iwe tiye ukangotilozera malo."

Ndinawatsogolera kumanda, ngakhale malowo amawadziwa kuposa ine. Ndinaloza pambali pa amai. Piki yoyamba itamenya pansi inadumpha, dothi linali gwa. Anathira madzi, anadikira, anamenyanso. Anasinthanasinthana mpaka dzuwa kukwera, thukuta lili chuchuchu, wina akuseka mnzake kuti wakalamba. Ine ndinakhala pamthunzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire matenda a bambo mtima wanga unakhala pansi.

Bambo anga sanaoloke Shire. Agona ku Tengani, pambali pa amai anga, pamalo pomwe ankalambula okha. Takhuta pondimvera.